Dzenje Limene a Sinoya Anasiya mu Nyimbo

A Sinoya anayimba pa maliro awo omwe. Sindikuseka. Tinasonkhana m'fulati mwawo ku Greenbelt, kuno ku America, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ena a mataye ochokera ku mabanki aakulu a m'tauni, ena opanda pogwira ngati ine, ndipo itakwana nthawi yoti wina ayambitse nyimbo yoperekeza malemu, tinangoyang'anana. Zaka zonsezo ife tinali ongovomera. Woyambitsa anali iwo. Ndiye mayi wina anati, bwanji tingoika chimbale chija? Anachiikadi. Mwini maliro ali m'bokosi kwa azungu osunga mitembo, mawu ake akutuluka m'sipika, kumbuyo kwake magitala a magetsi akulira ngati macheka.

Papita chaka tsopano. A komiti ya Amalawi kuno andipempha kuti ndilembe mawu ochepa owakumbukira, poti ndine ndinkakhala nawo. Akufuna ndilembe kuti anali tate wa tonse, munthu wofatsa, woopa Mulungu. Alembe okha zimenezo. A Sinoya sanali ofatsa, ndipo chimene ankaopa si chimene a komiti angafune kuti chiwerengedwe pamaso pa ana awo.

Dzina lawolo linachokera ku tauni ya ku Rhodesia kumene bambo awo ankagwira ntchito pa famu ya fodya, koma iwo anakulira ku Dedza, kwa amayi awo. Anali kalaliki wa boma. Dziko litangolandira ufulu, akuluakulu atakangana, dzina lawo linamveka pamalo olakwika, ndipo anathawa ndi malaya a m'thupi kudzera ku Chipata. Anasiya mkazi ndi mwana woyamwa, dzina lake Esinati. Anakhalitsa ku Lusaka, kenako m'zaka za m'ma 70 anthu a mpingo anawaolotsera kuno. Mkazi uja anamwalira iwo ali kuno. Anamva patapita miyezi, kwa munthu amene ankangocheza zina, poganiza kuti akudziwa kale.

Ntchito yawo inali yokhala m'kanyumba ka magalasi pa khomo la galaja yoimikamo magalimoto ku Bethesda. Galimoto ikafika, ankapereka tikiti n'kunyamula mtengo wotseka njira. Ankapita ku ntchito imeneyo atavala taye tsiku lililonse, tsitsi atalidetsa ndi mankhwala, chifukwa anali munthu wodzimva. Ine anandipeza nditasiya sukulu. Ndinabwera pa thandizo la boma, ndinalephera, thandizo linadulidwa, kubwerera kumudzi ndinaopa. Za ine ndi zokhazo. Anandipatsa sofa yogonapo ndi dzina.

"A Pulofesa," ankatero m'mawa uliwonse akundigwedeza ndi nsapato, "mwadzuka, kapena mukadali mu laibulale?"

"Madala, ndisiyeni."

"Ndikusiyeni? Sukulu inakusiyani, boma linakusiyani, nanenso ndikusiyeni? Dzukani mutsuke mbale."

Ankakhala moyang'ana ku chitseko, ngakhale m'tchalitchi. Foni ikalira sankatchula dzina lawo. Ankangonyamula n'kudikira kuti winayo ayambe, ndipo anthu ena ankadula poganiza kuti laini yafa. Nkhani za kumudzi zikayambika, ankavundikira foniyo ndi pilo. Ankati makutu a boma lathu ndi aatali kuposa nyanja imene tinaoloka, ndipo mwa Amalawi khumi okhala pa mphasa imodzi, mmodzi amabwera kudzamvera ena. Esinati sanamuyimbirepo foni ngakhale kamodzi. Ankati foni yochokera kwa munthu wothawa ndi unyolo umene umafika wokha pa dzanja la woiyankha. Za mwana wawo ankamvera kwa Mayi Tembo, namwino wa ku Zambia amene mchemwali wake anali ndi sitolo ku Chipata ndipo ankaoloka malire kawirikawiri.

Koma chimene anthu ankawadziwira ndi maliro. Kuno munthu akamwalira kumudzi, wachibale sangapite. Ndege ndi yodula, ena mapepala alibe, ena akatsika pa bwalo la ndege sangadzabwerenso. A Sinoya anadzipatsa okha ntchito yonyamula uthenga. Ankakana kuti munthu auzidwe pa foni. Ankavala taye yakuda, kukwera basi, n'kukagogoda. Anthu akatsegula n'kuona taye imeneyo, ankadziwiratu kuti kumudzi kwagwa zovuta. Ana obadwira kuno ankawatcha Uncle Bad News. Ndipo sankanena mwachindunji. Ankakhala pansi, kupempha madzi, kufunsa za ana, kenako n'kuti kwanu kuli matenda aakulu. Chingerezi ankachidziwa kuposa ine, koma mawu oti imfa sankawatchula m'chilankhulo chilichonse. Ankati ndi mawu a makutu akuthwa, ukawatchula amatembenuka.

Pa zimenezi ankakangana kwambiri ndi a Mwale, bambo wa madigiri awiri wa ku banki yaikulu, amene ali ndi nyumba ku Gaithersburg ndipo pano ndi wapampando wa komiti. A Sinoya ankathyola nthambi n'kuziika pa msewu wolowera ku mafulati kumene kunali maliro, monga kwathu, kuti odutsa adziwe. Magalimoto a azungu ankangoziponda, wosesa n'kudzazichotsa akutukwana.

"Bambo, kuno ndi ku America," ankatero a Mwale. "Tikhale ndi pulogalamu. Pemphero, nyimbo ziwiri za m'buku, tiyi, anthu azipita. Mawa ndi ntchito."

"Mukadzagona inu tidzapanga pulogalamu," anayankha a Sinoya tsiku lina. "Tidzaika ndi nthawi yoti akazi anu ayambe kulira ndi yoti asiye."

Nyimbo ya a Sinoya sinali ya m'buku. Anaiphunzira kwa malume awo, amene anali mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzi mwawo. Siyimbidwa kwa amoyo, imauza akufa. Mawu ake ndi ochepa:

Inu munatsogola, lambulani njira,
akudza uje, akudza yekha,
musam'funse za kuno.

Pamene ndalemba kuti uje ndi pamene woyambitsa amatchula dzina la malemu, lonse, ndi la mayi ake, kuti a kutsidyako asalandire munthu wolakwika. A Sinoya akafika pamenepo mawu awo ankatsika mpaka magalasi a m'mawindo kunjenjemera. Ine sindilira pa maliro a anthu osawadziwa, koma pamenepo ndinkatuluka kukasuta.

Pansi pa fulati yathu pankakhala mtsikana wachizungu woyimba, dzina lake Lori. A Sinoya ankamutcha Lole, ati makolo otani opatsa mwana dzina la galimoto yonyamula mchenga. Anali wowonda, wovala malaya a amuna, masana ankagulitsa mabuku, madzulo ankapeka nyimbo zake yekha pa gitala, nyimbo zodandaula za bambo ake osalankhula ndi za anyamata omuthawa. Makampani aakulu sankamufuna. Chimbale chake choyamba ankajambulitsa kwa anyamata awiri amene kampani yawo yonse inkakwana m'buti ya galimoto. Dzina la chimbalecho sinditchula, ndisamutsatsire malonda.

Loweruka lina masana, tili pa maliro a mayi a munthu wina m'fulati mwathu, Lori anamva nyimbo ija ikutsika kudzera kudenga kwake. Sankadziwa kuti pamwamba pali chiyani. Anakumana ndi a Mwale pa masitepe akutuluka, n'kuwafunsa tanthauzo lake. A Mwale, atavala suti yawo, anachita manyazi kuuza mzungu kuti ife timayimbira mizimu. Anamuuza kuti ndi nyimbo yolandirira munthu amene akubwera kuchokera kutali, yoti konzani njira, wokondedwa akufika. Sananame mawu ngakhale amodzi. Anangosiya kunena kuti akufika kuti.

Lori anakwera kudzapempha kuti a Sinoya akayimbe pa chimbale chake. Anakana. Anabweranso ndi keke. Anakananso, koma keke anadya. Ulendo wina anawauza kuti sanamvepo mawu ngati awo pa wailesi iliyonse ya dziko lino, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita pa taye. Ndinadziwa kuti agwa. Nkhalamba imene yatha zaka ikunyamulira azungu mtengo, palibe woiyang'ana kumaso, wina n'kuiuza zotero.

Situdiyo inali chipinda cha pansi pa nyumba ya bambo wina wandevu ku Gaithersburg, makoma atamatidwa mathileyi a mazira. Ndinapita nawo chifukwa ndinamva kuti kuli mowa waulere. Anawaveka mahedifoni pamwamba pa tsitsi lawo lodetsa lija, n'kuwaimika pa maikolofoni. Anayimba kamodzi kokha. Atafika pa dzina anatseka pakamwa, anagwedeza mutu kamodzi, n'kupitiriza. Wandevu uja anafuna kuti abwereze, poganiza kuti aiwala mawu. Lori anamugwira mkono kuti asiye.

Pobwerera m'basi anali okondwa ngati mwana. Anandiuza kuti awapusitsa azungu. Popanda dzina, anatero, ndi nyimbo chabe, ngati msampha wosatchera. Komanso magitala awo aphokosowo adzakwirira malowo, palibe adzadziwe kuti pali chosowa.

Chimbale chinatuluka nyengo yachisanu itatha. Lori anabwera nacho yekha. Pa chikuto panali chithunzi cha thanki ya madzi, ndipo kumbuyo, poti iwo anakana dzina lawo kulembedwa, analemba kuti mawu ndi a bambo wa m'chipinda cha pamwamba. Nyimbo yawo inali yomaliza. Tinaika singano. Inayamba ndi Lori, mawu ake aang'ono, akuyimba za munthu woyembekezera pa siteshoni ya basi. Magitala anayamba kukwera, ng'oma zinalowa, kenako mawu a a Sinoya anatulukira pansi pa zonsezo ngati ng'ombe m'chigumula. Lambulani njira. Akudza.

Ndipo zonse zinaima. Magitala, ng'oma, zonse. Lori anali atazidula dala pamalo a dzina paja, n'kupatalikitsa. Munkangomva singano ikukanda mbale. Kenako phokoso lonse linagwanso pamodzi, akudza yekha.

"Pamenepo ndiye mtima wa chimbale chonse," anatero Lori m'Chingerezi, maso ali ngwee.

A Sinoya anamuthokoza mwaulemu, anamuperekeza pa khomo, n'kutseka. Anabwerera n'kuikanso singano pa nyimbo yomweyo. Itafika pa chete paja ananyamula singano, n'kukhala pansi.

"A Pulofesa, munaonapo manda atakumbidwa, mtembo osafika?"

"Ayi."

"Inde, munali ku sukulu."

Anandifotokozera kuti kwawo dzenje likakumbidwa siligona lopanda kanthu. Mtembo ukachedwa pa njira, kapena zikadziwika kuti uthenga unali wolakwika, adzukulu amadula thunthu la nthochi n'kulikwirira mmenemo dzuwa lisanalowe. Akapanda kutero, dzenjelo limadzisankhira lokha munthu, ndipo limayambira m'nyumba ya amene anakumba. Iwo anaganiza kuti asiya malo osalemba kanthu. Mtsikanayu wawakumbira mpaka m'chiuno, wasalaza m'mbali, wasiya chotsegula.

Ndinaseka. Ndinawauza kuti ndi pulasitiki yakuda yozungulira, yopangidwa ku fakitale. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndi zimene zinandisowetsa mtendere, chifukwa a Sinoya ankakwiya ngakhale ndi supuni yoikidwa molakwika.

Chimbalecho sichinatchuke kwenikweni, koma wailesi za ana a ku koleji zinaikonda nyimbo yomalizayo. A Sinoya anagula kawailesi n'kukapachika pa msomali m'kanyumba kawo ka ku galaja. Munthu amene ankati nyimbo za azungu ndi ndewu ya amphaka anayamba kumvera magitala tsiku lonse, kudikira. Ikayamba nyimbo yawo ankasiya zonse, galimoto idikire, ndipo pa chete paja ankanena mokweza kuti, "Nthochi!" Ndinawaona ndi maso anga. Mayi wina wa m'galimoto yaikulu anatseka windo lake msangamsanga.

"Madala," ndinawauza, "mbale zimenezi zili m'nyumba za anthu ku Virginia, ku Baltimore, kaya kuti. Mukhala mukufuula nthochi m'nyumba zonsezo?"

"Zimene sindikumva sindingazithe," anatero. "Koma imene ndaimva, ndaimva."

M'miyezi yomweyo Mayi Tembo anabwera ndi uthenga. Analowa akuvina, chikwama chili m'manja.

"Ba Sinoya, manje muzankala ambuye! Esinati ali na mimba."

Anayembekeza kuti nkhalamba idumpha. A Sinoya anangofunsa kuti ya miyezi ingati, ndiponso ngati akupita ku sikelo. Tonse tinkadziwa kuti mimba yoyamba ya Esinati inapita padera, ndipo iye mwini anatsala pang'ono kutsagana nayo. Mayi Tembo atapita, anandiuza kuti Chichewa sichibisa: mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndipo pakati pake ndi pa kuno ndi uko. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kusiya chakudya m'mbale. Taye inayamba kulendewera pa khosi.

Anatsika kukalankhula ndi Lori. Ndinamva zonse ndili pa masitepe. Anamupempha kuti atseke malo aja, aikepo chilichonse, chifuwa, ng'oma, kulira kwa galu. Lori anati mbale zinadindidwa kale, sizingabwezedwe, komanso bwanji kuwononga chinthu chokongola chotero? Iwo anati malowo ndi a dzina la munthu.

"Dzina la ndani?" anafunsa Lori.

Apa panafunika mawu amodzi okha, ndipo mtsikanayo akanamva. Koma anali mawu aja amene a Sinoya sankatchula, makamaka tsopano, mwana wawo ali pakati. Anaima pa khomo pakewo, kenako anatembenuka n'kukwera masitepe, kundidutsa ngati sindilipo. Lori anatsala ndi funso lake, ndipo analitengera kwa munthu amene anamuyankha bwino poyamba paja. A Mwale anamuuza kuti nkhalambayo ili ndi mwana wamkazi kumudzi amene sinamuone chichokereni ali khanda. Anamuuza ndi dzina.

Chilimwe chimenecho kunali zoyimba za ulere pa bwalo la udzu ku Greenbelt, Lamulungu masana, ndipo Lori ndi gulu lake anali pa ndandanda. Anawaitana a Sinoya mwapadera, ati ali ndi mphatso yawo. Iwo anapita, osati chifukwa cha mphatso, koma chifukwa ankadziwa kuti mawu awo akaseweredwa pa tepi pamenepo, ndipo pafunika wina woti anene nthochi. Kunkatentha. Kunali mabanja pa mabulangete, ana ndi ayisikilimu, anyamata a tsitsi losapesa kutsogolo. A Mwale analipo ndi akazi awo ndi ana, atauza Amalawi ena kuti abwere adzaone chikhalidwe chathu chikulemekezedwa. A Sinoya anaima kumbuyo pansi pa mtengo, atavala jekete pa dzuwa limenelo.

Itafika nyimbo yomaliza, Lori analankhula pa maikolofoni. Anati mawu amene mumve ndi a mnansi wanga, ali pompano. Anati nyimboyi ndi yoitana munthu wokondedwa kuti abwere, ndipo ili ndi malo a dzina amene akhala opanda kanthu, chifukwa dzinalo limamupweteka mwini wake kulitchula. Lero, anatero, ndimutchulira ine, kuti mwana wake amve kumene aliko ndipo njira imutsegukire.

Anthu anaomba m'manja. A Mwale anatembenuka kutiyang'ana akumwetulira.

Ndinamva dzanja la a Sinoya likugwira phewa langa, ndipo zala zawo zinalowa mpaka pa fupa. Magitala anali atayamba kale. Pakati pa ife ndi nsanja panali anthu ambirimbiri okhala pansi. Anayamba kuyenda, kuponda mabulangete, kugwetsa mabotolo, wina anawatukwana. Sakanafika. Mawu awo omwe anatuluka m'masipika, lambulani njira, ndipo iwo anaima pakati pa bwalo. Akudza. Zonse zinati zii. Ndinaona Lori akuweramira pa maikolofoni, akutsegula pakamwa.

"Sinoya Mbewe!"

Sindinamvepo munthu akufuula chotero, ndipo sindifuna kudzamvanso. Analibe maikolofoni, koma mbalame zinauluka m'mitengo.

"Sinoya Mbewe, mwana wa Nangozo! Ndine! Akudzayo ndine!"

Munthu amene sankatchula dzina lake pa foni ya m'nyumba mwake analitaya pa bwalo lonse, ndi la mayi ake lomwe. Lori anatsala kukamwa kuli yasa, dzina la Esinati lisanatuluke. Ng'oma zinagwa, nyimbo inapitirira. Azungu anaimirira kuomba m'manja ndi kuimba malikhweru, poganiza kuti zinakonzedwa. Mnyamata wina anawamenya pa msana n'kuwauza kuti zinali bwino kwambiri.

Zitatha Lori anabwera akuthamanga, akufunsa ngati walakwitsa katchulidwe kapena chiyani. A Sinoya anali atakhala pa udzu, akupukuta nkhope. Ine mawu aja sindiwaopa, ndiye ndinamuuza.

"Ukudziwa kumene njira imeneyo ikupita? Ndi nyimbo ya maliro. Dzina limene limalowa pamenepo ndi la munthu wakufa. Unati uike mwana wawo m'manda, ali ndi mimba."

Anayera ngati ufa, anapita kuseri kwa galimoto ya zida, ndipo tinamumva akusanza. A Mwale anafika akupukuta magalasi awo.

"Ine ndinangofuna kuti zimveke bwino," anatero. "Anthu awa samvetsa zinthu zathu."

"Amvetsa bwanji, a Mwale, womasulira ndinu?"

"Iwe, ulemu. Ndine msinkhu wa bambo ako."

"A Pulofesa, asiyeni," anatero a Sinoya ali pansi pomwepo. Mawu awo anali ofewa. "Zatha bwino. Ndigwireni dzanja ndidzuke."

Miyezi yotsatirayo ndi imene sindiikonda kuikumbukira, chifukwa inali yamtendere. Anayambanso kudya. Anachotsa kawailesi kaja n'kumupatsa mwana wa Mayi Tembo. Anasiya kudetsa tsitsi, ndipo linatuluka loyera lonse, sindinkadziwa kuti anali okalamba chotero. Foni ikalira ankanyamula n'kunena kuti, kuno ndi kwa Sinoya. Anapita kukadya kwa a Mwale, kumene anali asanapondeko, n'kuyamikira ndiwo. Mataye awo anayamba kuwagawa, imodzi imodzi, kwa aliyense wobwera. M'mawa anasiya kundigwedeza ndi nsapato. Ndinkadzuka n'kupeza mbale zotsuka kale.

Ndinawakalipira. Ndinati dokotala wanena za kuthamanga kwa magazi, imwani mankhwala musiye zamasewerazi. Anati akumwa, ndipo ankamwadi, ndinkaona. Anangowonjeza kuti mankhwala ndi a dokotala, koma dzina analitchula okha, pamaso pa anthu, ndipo munthu wamkulu sabweza mawu. Mayi Tembo anawapempha kuti aphunzitse wina nyimbo ija, isatayike. Anakana. Anati ithere pa iwo.

Uthenga wa Esinati unafika masamba atayamba kugwa m'mitengo. Mayi Tembo sanadikire n'kukwera masitepe, anafuulira pansi.

"Ba Sinoya! Ni mwamuna! Bonse bali bwino!"

Iwo anatsegula windo. "Mayi wake wadzuka? Wayenda ndi miyendo yake?"

"Ayenda! Achapa na matewera!"

Anatseka windo, anatenga simbi n'kuyamba kusita malaya a mawa. Mayi Tembo anakonza zoti mwana akalimba, Esinati aoloke kupita ku sitolo ya mchemwali wawo ku Chipata, kumene foni ilibe makutu a kwathu, kuti alankhule ndi bambo ake koyamba. A Sinoya anavomera. Ankayeseza zoti adzanene, ndinkawamva m'bafa.

Anamwalira tsikulo lisanafike, masana, ali pa mpando wawo m'kanyumba ka magalasi. Mtengo unali wotseka. Magalimoto anandandalika mpaka mu msewu, ndipo anthu anawaimbira mahutala kwa nthawi ndithu asanatuluke wina kukaona chimene nkhalamba yakudayo ikuchedwera. Adokotala anati ndi mtsempha wa m'mutu. Ine ndikuvomereza, ndi mtsempha wa m'mutu.

Esinati anaolokabe malire, mwana kumbuyo, chifukwa uthenga unamuphonya pa njira. Foni imene anayembekeza kumva bambo ake anamva ine. Ndinali nditakonzeka kunena mosazungulira, monga ndimachitira, koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Achemwali, bambo akudwala kwambiri."

Laini inalira ngati mvula pa malata. Kenako anati, "Atisiya liti?"

Sanalire pa foni. Anafunsa ngati anavutika, ngati panali wowatseka maso. Pomaliza anati, "Achimwene, ine mawu awo sindiwadziwa. Anali otani? Ndamva kuti anayimba pa chimbale cha mzungu. Munganditumizire, ndingowamvako kamodzi?"

Ndinamuuza kuti ndiona. Wakhala akutumiza pempho lomwelo kudzera kwa Mayi Tembo chaka chonsechi, ndipo ine ndakhala ndikuona.

Tsopano a komiti agwirizana kuti pokumbukira chaka, amuchitire mwana wamasiyeyo chinthu chabwino. Lori, amene anasamukira ku New York ndipo nyimbo ija akuyimbabe chifukwa ndi yokhayo imene anthu amaitanitsa, watumiza kaseti yatsopano. A Mwale akupita ku tchuthi kumudzi mwezi wamawa, ndipo akainyamula m'sutikesi mwawo. Ndinawauza pa msonkhano kuti asatero. Anandifunsa ngati ine, munthu amene ndinalowako m'kalasi ya yunivesite, ndimakhulupirira za nthochi. Anthu anaseka. Sindikhulupirira. Ndikungodziwa kuti pa kasetiyo malo aja akadali chete monga analiri, kuti idzalira m'nyumba ya Esinati muli iye ndi mwana wake, ndiponso kuti munthu yekhayo amene ankathamangira kukaima pa dzenjelo kulibe. Awa ndiwo mawu anga ochepa. Akafuna awawerenge pa mwambo wawo.

Dzulo ndinadutsa pa galaja ija ku Bethesda. Eni ake sanalembe munthu wina ntchito. Kanyumbako kakadalipo, koma mpando anachotsa, ndipo mkati aunjikamo matumba a mchere wothira pa msewu nthawi yachisanu. Pa galasi pali bowo lozungulira limene ankalankhulirapo ndi oyendetsa, wina walitseka ndi katoni. Panja aimikapo makina achikasu olavula tikiti. Ndinaima tsidya la msewu kuyang'ana. Galimoto ikafika, mtengo umanyamuka wokha, n'kukhala m'mwamba kanthawi galimotoyo italowa kale, njira ili pululu, ngati ukudikira wina wa m'mbuyo.